Mano Anga Atatu

Nkhani yoti boma la kuno limapereka chipukutamisozi kwa munthu amene wamenyedwa n'kuvulala ndinaimva kwa mnzanga wa ku Zambia amene tinkagwira naye ntchito yosamalira okalamba ku Rotherham. Tinali pa buleki ya masana m'kachipinda ka antchito. Ine ndinali nditavula mano anga apulasitiki n'kuwakulunga m'tishu, ndipo ndinkaduladula apozi ndi mpeni ngati ndikufuna kudyetsa khanda. Iye anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati, "Koma imwe amai, boma inakulipilani pa meno aya?"

Ndinaseka mpaka kutsamwa. Boma lindilipire chifukwa chiyani, ngati ndi lomwe linandimenya? Koma mnzangayo sankaseka. Anati mlamu wake wina ku Manchester anamenyedwa ndi zidakwa pa siteji ya basi, analemba fomu pa intaneti, ndipo patapita nthawi anam'patsa ndalama. Chachikulu, anatero, nkhaniyo ikhale kuti inafika kupolisi. Yanga inali itafika, ndipo kakhadi kokhala ndi nambala ya mlandu ndinali ndidakali nako m'sutikesi.

Ndinene kaye za manowo, chifukwa anthu amene ali nawo onse amaganiza kuti ndi nkhani ya kukongola chabe. Ndinataya atatu akutsogolo, am'mwamba. Dotolo wa mano wa boma, amene ndinam'peza nditadikira miyezi, anandipangira kambale kapulasitiki kokhala ndi mano atatu. M'mawa kamakhala bwinobwino, koma pofika masana kamayamba kuyendayenda m'kamwa ngati kali ndi ulendo wakewake. Tsiku lina ndikutembenuza agogo ena pabedi kanagwera pachifuwa pawo, ndipo agogowo anakuwa mpaka manijala anabwera akuthamanga. Okalamba ambiri samva bwino, amayang'ana pakamwa pako kuti adziwe zomwe ukunena, ndiye ine ndinasanduka wantchito wobwereza mawu katatu. Kutchalitchi ndinali woyambitsa nyimbo, koma ndinasiya chifukwa mawu ankatuluka ndi kalikhweru. Mwana wanga wamkazi ku Blantyre amadziwa kuti ndinaterereka pa ayezi. Mano okhomerera m'fupa, amene sagwedera, alipo, koma ali kwa madotolo olipiritsa, ndipo nditamva mtengo wake ndinangothokoza n'kutuluka. Ndiye mnzanga uja atatchula za boma, m'maganizo mwanga simunabwere ndalama ayi. Ndinadziona ndikuluma chimanga chootcha.

Manowo anapita chonchi. Nthawi imeneyo ndinkakhala m'nyumba ya lendi, ine chipinda cham'mwamba, pansi pali banja la kwathu komwe. Mkaziyo ndinkamuti mng'ono wanga ngakhale panalibe chibale; tinkakwera basi imodzi ndipo tinkapemphera mpingo umodzi. Iye ndiye anali ndi viza ya ntchito, mwamuna ndi ana awiri anabwera pa dzina lake. Kumudzi bamboyo anali wa mu ofesi, wa tayi, koma kuno ankanyamula makatoni kumalo osungira katundu, ndipo zimenezi zinkamudya. Loweruka lina masana, nditangofika kuchokera ku shifiti ya m'mawa, yunifomu ndisanavule, ndinamva mbale zikusweka kukhitchini, ana akulira. Kwathu ukamva mnzako akumenyedwa supita kukapempha chilolezo, umangolowa n'kuleretsa. Ndinatsika masitepe awiriawiri n'kuima pakati pawo. Bamboyo anati, "Chokanipo inu, ndinu amene mukumuwononga mkazi wangayu." Ine pakamwa panga sipachedwa, ndinamuyankha kuti ngati ali ndi mphamvu akamenyane ndi amuna anzake. Chibakera chinandipeza pakamwa, ndipo pogwa ndinamenyetsanso nkhope pa ngodya ya kabati.

Mzungu woyandikana nafe nyumba ndi amene anaitana apolisi. Kuchipatala wapolisi wachizimayi anandifunsa zonse, ndipo ndinafotokoza ndi milomo yotupa, iye akulemba. Bamboyo anagona m'selo, ndipo pomutulutsa anamuletsa kufika kunyumba ija kapena kundiyandikira ine. Mng'ono wanga uja sananene chilichonse kwa apolisi. Mlandu wonse unatsamira pa ine.

Woyamba kufika kuchipatala anali amayi atcheya, mtsogoleri wa amayi pampingo wathu. Ndikufuna muwadziwe bwino musanawaweruze. Tsiku limene ndinafika m'dziko lino, nditavala masandasi m'nyengo yozizira, iwo ndi amene anandichingamira pa depoti ya basi ku Sheffield n'kundiveka jasi lawo. Anandiphunzitsa kukwera basi, kuyankhula ndi manijala, ndi kusiya kugwada popereka moni kwa azungu chifukwa amaganiza kuti wagwetsa kanthu. Atanditulutsa m'chipatala ananditengera kwawo, ndipo sabata yonse ankandiphikira phala lamadzimadzi n'kumandimwetsa ndi kasupuni. Amayi anga ondibereka ndinali ndisanawaone kwa zaka. Amene anali pafupi anali amenewa.

Lamlungu lotsatira, mapemphero atatha, pabalaza pawo panadzaza. Anabwera abusa, akulu a mpingo awiri, mng'ono wanga, ndiponso mwamuna wake. Lamulo la apolisi lija linatsala pakhomo pamodzi ndi nsapato. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri anali pa foni kuchokera kumudzi, foniyo ataitsamiritsa pa botolo la shuga kuti azitiona. Anabweretsa nkhuku, mpunga ndi majuwisi. Palibe amene anakweza mawu. Anayamba ndi pemphero, kenaka aliyense anandifunsa mmene ndadzukira, mmodzimmodzi, ine n'kumayankha kuti ndadzukako.

Bamboyo anagwada pa kapeti n'kulira misozi yeniyeni. Anati ndi satana, anati ndi kutopa, anati sakudziwa chimene chinamulowa. Kenaka abusa anayankhula motsitsa mawu.

"Sister, palibe amene akukukakamizani, mumve bwino. Chilichonse chimene mungasankhe, ife tili nanu. Koma nkhaniyi ikangofika ku court, mbale wathuyu amubweza kumudzi. Ana aja mukuwadziwa. Mayi wawo ma shift amenewa azipanga bwanji yekha?"

Ankhoswe a kuchimuna anakuwa kuchokera m'foni kuti za m'banja sitipita nazo kwa azungu. Mawu awo ankadukaduka, koma aliyense anamva. Amayi atcheya anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, mano amaikirira ena. Bambo wa ana tikamuikirira kuti?" Mng'ono wanga anali atatambalala pansi, akuyang'ana zala zake.

Ndinakhululuka. Ndisaname, pa nthawi imeneyo ndinamva bwino mumtima, ndinadziona ngati munthu wamkulu. Tinagwirana chanza ndi bamboyo, amayi atcheya anayambitsa kanyimbo, abusa anapemphera kachiwiri, kenaka anthu anadya nkhuku ija. Ine anandipatsa msuzi m'kapu.

M'mawa mwake amayi atcheya anandiperekeza kupolisi, iwo n'kutsala panja pa benchi. Wapolisi yemwe uja anandilowetsa m'kachipinda n'kutseka chitseko. Nditamuuza kuti ndabwera kudzathetsa mlandu, anaika cholembera pansi. Anandifunsa ngati pali wina amene wandikakamiza. Ndinati palibe. Anandifunsanso mwa njira ina, ngati pali amene wandiopseza kapena wandiuza zoti ndinene. Ndinati palibe. Kachitatu anati, "Muno muli ine ndi inu basi, mungathe kundiuza." Ndinati palibe, ndipo sindinkaona kuti ndikunama. Kwa ine kukakamiza kunkabwera ndi ndodo kapena mawu okalipa. Anthu akuluakulu akakubweretsera nkhuku, munthu n'kukugwadira, kumeneko kwathu timati kupempha. Ndinasaina, ndipo mlandu unafera pomwepo.

Sabata isanathe bamboyo anali atabwerera kunyumba. Ine ndi amene ndinasamuka, ndinapeza kachipinda kwina, kutali ndi siteji ya basi. Kuntchito ndinkavala chophimba pakamwa chija cha nthawi ya mliri ngakhale ndilibe chimfine, mpaka anzanga anayamba kunditcha adotolo. Kumpingo aliyense ankandipatsa ulemu watsopano, amayi ankandisungira mpando wabwino, ndipo bamboyo ankabwera Lamlungu lililonse kudzandipatsa moni ndi manja awiri. "Alamu, mwadzuka bwanji?" Ine n'kumayankha kuti ndadzuka bwino, kaya inu. Za mano panalibe amene anazitchulanso.

Panali patapita chaka ndi miyezi pamene mnzanga wa ku Zambia ananena za chipukutamisozi zija. Fomu ndinakailemba ku laibulale ya m'tauni pa tsiku lopuma, chifukwa pafoni zilembo zinkandichepera. Inafunsa tsiku, malo, polisi yake, nambala ya mlandu, chipatala, dzina la dotolo wa mano. Inafunsa ngati ine ndinamangidwapo, ndipo pamenepo ndinayankha mokweza ndekha kuti ndimangidwe chifukwa chiyani, mpaka bambo wokhala pa kompyuta yoyandikana nayo anacheuka. Panali kabokosi koti ndifotokoze zimene zinachitika. Nkhani imene ndikanaikamba madzulo onse ndinaipanikiza m'mizere ingapo. Nditadina batani lomaliza ndinayang'ana uku ndi uku ngati ndaba kanthu, chifukwa kumpingo sindinauze aliyense. Ndinkadziuza kuti ndalamazo n'za boma, sizichokera m'thumba mwa bamboyo, choncho chikhululuko changa chinali chidakali chathunthu.

Kenaka kunali kudikira. Miyezi inkapita, kubwera kalata yofuna chilolezo choona mabuku anga a kuchipatala, ine n'kusaina. Kubwera ina yofuna lipoti la dotolo wa mano, ine n'kusinthana shifiti ndi mnzanga kuti ndikalitenge. Kalata iliyonse ndinkaiona ngati chizindikiro chakuti zikuyenda. Ndinafika popitanso kwa dotolo wolipiritsa uja kukafunsa kuti kukhomerera mano kumatenga nthawi yaitali bwanji. Anandijambula nsagwada n'kundionetsa pa kompyuta mmene pakamwa panga padzaonekere. Ndinakwera basi yobwerera ndikumwetulira ndekha ngati wopenga, ndipo madzulo ake ndinayesa nyimbo ziwiri m'bafa.

Yankho linabwera m'envelopu yoonda. Ndinaliwerenga ndili chiimire pakhomo, jasi ndisanavule. Anati sakukana kuti ndinamenyedwa, ndipo sakukana kuti ndinavulala. Koma lamulo lawo limati wopempha chipukutamisozi akhale kuti anathandiza apolisi mmene akanathera kuti womuvulazayo aweruzidwe, pamene ine ndinathetsa mlandu ndekha. Choncho sandipatsa kalikonse. Pansi pake analemba kuti ngati sindikukhutira ndingathe kupempha kuti aunikenso, pasanathe masabata asanu ndi atatu. Ndinakhala pa masitepe. Ndinapsa mtima, koma wom'psera mtima sindinam'peze, chifukwa zonse zimene analembazo zinali zoona.

Mnzanga wa ku Zambia atawerenga kalatayo anawomba m'manja kamodzi. "Imwe a Malawi mukhululuka maningi," anatero. "Sembe nine, sembe aliko ku jele." Ankatanthauza kuti akanakhala iye, bamboyo akanakhala ali m'ndende. Ndinamuuza kuti n'zosavuta kulimba mtima ndi mano a wina. Koma yemweyo ndi amene anandilozera ku kaofesi kena kothandiza mwaulere anthu ochitiridwa nkhanza, pamwamba pa sitolo ina m'tauni. Ndinapezako mayi wachizungu wa imvi, wa kuno komwe, woyankhula Chingerezi chomeza mawu chija. Anandipangira tiyi, anawerenga kalata, n'kundifunsa chifukwa chimene ndinathetsera mlandu. Ndinamufotokozera za Lamlungu lija monyadira ndithu, kuti aone kuti ife kwathu nkhani timaithetsa mwaulemu. Ndinatchula nkhuku, ankhoswe a pafoni, misozi ya bamboyo. Ndili mkati mofotokoza ndinaona kuti wasiya kulemba.

"Munthu amene anakumenyaniyo anali m'chipinda momwemo?" anatero.

Ndinati eya, ndi amene anagwada.

"Ndipo anthu onsewo ankafuna chinthu chimodzi kwa inu? Inu muli ndi mabala, mukugona m'nyumba ya mmodzi wa iwo?"

Mayiyo anati sangandilonjeze kanthu, koma zimenezi zikhoza kusintha nkhani yonse, chifukwa oyendetsa chipukutamisozi amamvetsa ngati munthu anasiya mlandu atapanikizidwa. Chofunika, ndilembe amene analipo ndi zimene aliyense ananena, ndipo ndipeze munthu mmodzi yekha woikira umboni kuti msonkhanowo unachitika. Kenaka anandiyang'ana m'maso n'kuwonjezera zimene sindinkafuna kumva. Anati kuno kunyengerera mboni kuti isiye mlandu nakonso ndi mlandu, choncho ndikatchula mayina, apolisi akhoza kufuna kuyankhula ndi eni mayinawo. Ine ndinkadziwa zimene iye sankadziwa, kuti onse amene anali pabalaza paja, kuyambira abusa, ali m'dziko lino pa viza, ndipo kadontho kamodzi pa dzina lawo kangathe kuwakweza ndege.

Ndinatsika masitepe a kaofesi kaja mutu utaima. Ndinalowa ndili munthu wokhululuka, ndinatuluka nditauzidwa kuti ndinapanikizidwa, ndipo zinandiwawa ngati andivula pagulu. Pabasi ndinayesa kuganiza ngati pa Lamlungu lija ndikanatha kunena kuti ayi. Ndinadziyerekeza ndikunena mawuwo, amayi atcheya atandigwira dzanja, phala lawo lili m'mimba mwanga, abusa akundiyang'ana. Pakamwa panga paja, pamene sipachedwa kuyankha, panakana ngakhale m'maganizo momwe.

Ndinayamba ndi abusa, pa foni. Anamvetsera bwinobwino, anati nkhaniyi ndi yolemera, tiipempherere kaye, adzandiimbira. Sanaimbe. Ndiye Loweruka m'mawa ndinapita kwa amayi atcheya. Ndinawapeza akukazinga mandasi a kumpingo, khitchini yonse utsi. Ndinawaonetsa kalata, ndinawamasulira mawu ovutawo, n'kuwapempha kuti angolemba mizere iwiri yokha, yonena kuti anthu anakumana pabalaza pawo n'kundipempha kuti ndithetse mlandu. Anatembenuza mandasi onse m'chiwaya asanayankhe.

"Msonkhano wake uti, mwana wanga?"

Ndinaganiza kuti sanamve chifukwa cha phokoso la mafuta. Ndinabwereza.

"Ine ndikukumbuka kuti anthu anabwera kudzakuzondani," anatero. "Munkadwala, anthu anabwera ndi kankhuku, tinapemphera. Kupolisi munapita nokha."

"Munandiperekeza inu, amayi."

"Ndinakuperekezani chifukwa munali ofooka. Ndinalowa?"

Apa ndiye mtima unandipsa. Ndinawauza kuti Mulungu amene amamuimbira Lamlungu anali pabalaza paja, ndipo foni ya ankhoswe inatsamira pa botolo la shuga lomwelo limene linali patebulopo. Ndinayankhula zambiri, zina sindingazibwereze. Iwo anazimitsa chitofu n'kukhala pampando.

"Mapepala athu okhazikika kuno atsala chaka chimodzi kuti atuluke," anatero. "Mwana wanga ali ku college. Ndikalemba kalata imeneyo police ibwera pakhomo pano, ndipo kuntchito andichotsa tsiku lomwelo, mukudziwa mmene alili ndi ma record. Mukufuna ndibwerere kumudzi chimanjamanja pa ukalamba uno chifukwa cha mano? Inetu ndinkafuna kuthandiza."

Ndinadziwa kuti mantha awowo anali enieni, ndipo zimenezo ndiye zinandifoola. Akanakhala munthu woipa ndikanalemba dzina lawo tsiku lomwelo ndi zilembo zazikuluzikulu. Potuluka anandikulungira mandasi m'pepala, ndipo ndinalandira ndi manja awiri.

Ndinakagogodanso kwa mzungu uja amene anaitana apolisi. Anandikumbuka, anandikumbatira, anati alemba chilichonse chimene ndikufuna. Koma iye ankadziwa za kukuwa ndi magazi a pa yunifomu, zimene boma silinkakana. Za pabalaza pa amayi atcheya sankadziwa kalikonse.

Anatsala mng'ono wanga. Tinkakumanabe nthawi zina pa depoti ya basi m'mawa, aliyense ali ndi chikwama chake cha kuntchito. Ndinamukokera pambali n'kumufotokozera. Anamvetsera mpaka pamapeto, maso ali pa bolodi la nthawi za mabasi. Kenaka anati, "Achemwali, ndikalemba, madzulo ndikagona kuti?" Sindinamufunse ngati kunyumba kuli mtendere; mmene anafunsiramo, yankho ndinali nalo. Basi yake itafika anakwera osacheuka.

Kalata yopempha kuunikanso ndinailemba kangapo. Yoyamba inali ndi mayina onse, mpaka a ankhoswe a kumudzi. Ndinaiwerenga kawiri n'kuing'amba. Ena angafunse kuti bwanji osangotchula mayinawo n'kuusiya mpingowo. Ofunsa choncho sanakhalepo kudziko la eni. Ndikadwala kuno, ondiphikira phala ndi omwewo. Ndikafa kuno, osonkha kuti thupi langa likwere ndege likaikidwe pafupi ndi bambo anga ndi omwewonso, chifukwa boma limene linandikaniza mano silingandinyamulire mtembo. Pamapeto pake ndinalemba kuti anthu ena a kwathu anandipempha kuti ndisiye mlandu, popanda dzina, popanda malo, popanda mboni. Mayi wa imvi uja anakonza Chingerezi chake n'kuitumiza, koma nkhope yake inali itandiuza kale.

Yankho lachiwiri linachedwa kuposa loyamba koma linali lalifupi. Anati aona zimene ndalemba, koma m'mabuku a polisi muli mawu anga, osainidwa, akuti palibe amene anandikakamiza, ndipo ndinafunsidwa katatu. Popanda umboni wina sangasinthe chiganizo. Panatsala khomo limodzi, kukaonekera pamaso pa oweruza oima paokha. Mayi wa imvi anati adzandiperekeza, koma sanandibisire kuti funso loyamba kumeneko lidzakhala lakuti anthu enawo ndi ndani. Ndinatenga fomu yake, ndinayenda nayo m'chikwama cha kuntchito mpaka m'mbali mwake munapindikapindika, ndipo nthawi yake inatha ili m'chikwamamo. Mayiyo anandiimbira foni kawiri. Kachiwiriko ndinangoiyang'ana ikulira, manyazi atandigwira.

Patapita miyezi ingapo mpingo wathu unalandira alendo a mpingo unzathu wa ku Middlesbrough, basi yodzaza, ndipo holo imene timabwereka inachepa. Sabata imeneyo kambale kanga kanali katanditupitsa usinini, choncho Lamlungulo ndinakasiya m'kapu ya madzi kunyumba. Ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, kuti mapemphero akangotha ndituluke. Abusa analalikira za kukhululuka. Ali mkati anati sakufuna kupita kutali kukafuna chitsanzo, chifukwa chitsanzo chili mommuno. Ananditchula dzina. Anati mayi uyu analakwiridwa, akanatha kupasula banja ndi siginecha imodzi, koma anasankha njira ya Ambuye, ndipo lero banja lija ndi ili. Anatiitana atatufe kutsogolo.

Ndinaimirira, chifukwa abusa akakuitana pamaso pa alendo umaimirira. Anthu anawomba m'manja, amayi ena a ku Middlesbrough anaimba nthungululu. Anandiika pakati, mng'ono wanga kumanzere, mwamuna wake kumanja, ndipo bamboyo anandiika dzanja paphewa. Mkulu wa mpingo wina anakweza foni kuti ajambule chithunzi choika pa gulu la mpingo la pafoni.

"Amayi apakatiwo, sekaniko pang'ono," anatero. "Ndi tsiku lachimwemwe ili."

Ndinapukusa mutu pang'ono, koma iye anabwereza, ndipo anthu anamuthandiza, "Sekani, sister, sekani!" Ndiye ndinaseka, pakamwa ponse. Mpata wa mano atatu uja unaonekera poyera. Wojambulayo anatsitsa foni n'kuyang'ana abusa. Amayi atcheya ananyamuka pa mpando wakutsogolo, anandikonza duku ngati ndi limene linalakwika, n'kundinong'oneza kuti, "Tsekani pakamwa, mwana wanga, ajambulenso."

Ndinatseka, ndipo anajambulanso.